Zimene Titaya mu Mudi Zidzabwera ndi Nsomba

Wolemba: Mtolankhani Wathu

Munthu aliyense amene amakwera minibasi pa Mibawa, pafupi ndi msika wa Blantyre, adziwa bwino maonekedwe a mtsinje wa Mudi. M'nyengo ya chilimwe madzi ake amakhala akuda bii ndi onunkha, ndipo m'mphepete monse mumadzaza majumbo, mabotolo a zakumwa ndi matewera a ana, zonse zitakodwa m'miyala ndi m'tchire. Koma mvula yamphamvu ikagwa usiku umodzi mu November kapena December, m'mawa mwake mupeza zambiri za izo zachoka, ndipo anthu odutsa pa mlatho amauzana kuti mvula yatisesera mzinda.

Mawu amenewa ndiwo atichititsa kulemba nkhani ino, pakuti mvula sisesa kanthu ayi. Ingosamutsa zinyalala kuzichotsa pamaso pathu ndi kukazitula pakhomo pa anzathu. Ndiponso akatswiri a sayansi a m'maiko ambiri aonetsa kuti pulasitiki amene walowa m'madzi sayenda yekha. Amanyamula mankhwala oipa paulendo wake, ndipo nsomba ikamumeza imameza ndi katundu wake yemwe. Popeza ife a m'dziko muno tidalira nsomba pa ndiwo, nkoyenera kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma amene anthu amadza kwa iwo kudzafunsa nzeru, amvetse bwino m'mene chinthu chimenechi chimachitikira.

KUMENE MADZI A MUMZINDA APITA

Pa kalembera wa chaka cha 2018 mzinda wa Blantyre unapezeka ndi anthu opitirira 800,000. Zinyalala zimene magalimoto a Khonsolo amatola zimakatayidwa ku Mzedi, kunja kwa Limbe cha ku msewu wa ku Zomba. Koma zambiri za m'misika ndi za m'madera othithikana monga Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Zingwangwa sizifika kumeneko. Zimathera m'ngalande ndi m'timitsinje. Mtsinje wa Mudi udutsa m'dera la mafakitale la Makata, nulandira madzi a Nasolo ochokera ku Ndirande, nupyola pakati pa mzinda. Ndipo ilipo inanso monga Naperi, Likhubula, Limbe ndi Lunzu. Mitsinje yonseyi, ina mwachidule ina mozungulira, imakathira mu Shire.

Tsono mtsinje wa Shire ndiwo utenga katunduyo nutsika naye ku Chikwawa, nulowa naye m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, m'mene madzi amayenda pang'onopang'ono, kotero kuti zimene anyamula zimakhazikika m'matope ndi m'mabango. Dambo limeneli linalembedwa mu 2017 m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar, ndipo ndilo munda wa asodzi ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje. Milamba yowamba ya kumeneko imakwera phiri pa galimoto kudzagulitsidwa m'misika ya Limbe ndi Blantyre. Chotero njira imene zinyalala zitsikira ndi njira imene ndiwo zikwerera zikomana pamalo amodzi.

PULASITIKI SAOLA

Makoko a nthochi kapena zitsononkho za chimanga zikatayidwa zimaola, pakuti tizilombo ta m'nthaka timazidya ndi kuzisandutsa manyowa. Pulasitiki sali wotero. Dzuwa limamuumitsa kufikira ayambe kusweka, monga tonse taonera beseni lokhalitsa pabwalo limene limathyoka pongolinyamula. Pambuyo pake madzi amamugubuduza pa miyala ndi pa mchenga, nanyenyeka kukhala tizidutswa, tizidutswato n'kunyenyekanso. Nyenyeswa zochepera mamilimita 5 ndizo akatswiri azitcha microplastics. Dzina limeneli linatchuka mu 2004, pamene Richard Thompson wa pa yunivesite ya Plymouth ku Britain pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti mchenga wa m'magombe a kwawo unali ndi nyenyeswa zotere. Zambiri n'zazing'ono kuposa njere ya mawere, ndipo zina sizioneka popanda galasi lokuza zinthu.

Si majumbo okha amene amabala nyenyeswazi. Zovala zambiri za pa kaunjika n'za ulusi wa polyester, nayiloni ndi acrylic, umene uli pulasitiki ndithu, ndipo pochapa timaulusi tambirimbiri timathothoka ndi kupita ndi thovu. Mu 2016 akatswiri a ku Plymouth komweko anawerengera kuti zovala za acrylic zolemera makilogalamu 6 zitha kutaya timaulusi topitirira 700,000 pa kuchapa kumodzi m'makina. Matayala a galimoto nawo, pamene ali kutha pa phula, amasiya fumbi lakuda limene mvula imalikokolola kulichotsa pa msewu wa Masauko Chipembere ndi kulilowetsa m'ngalande. Kunyanja kulinso maukonde akutha ndi zingwe zotayidwa ndi asodzi.

CHIGUBU CHA PARAFINI

Kodi tsono kachidutswa ka pulasitiki kanganyamule bwanji mankhwala? Mayi aliyense adziwa yankho lake ngakhale sanalowepo m'kalasi ya sayansi. Chigubu chimene munasungamo parafini sichileka kununkha ngakhale muchitsuke kakhumi, ndipo mbale ya pulasitiki imene mwadyeramo ndiwo zamafuta imavuta kutsuka koposa ya chitsulo, nitsala ndi mtundu wa tomato. Chifukwa chake nchakuti pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo amakondana ndi zinthu zamafuta. Zimamatirira pa iye, zina n'kulowerera m'kati mwake.

Alipo mankhwala ena oopsa amene khalidwe lawo lifanana ndi la mafuta: sasakanikirana bwino ndi madzi, ndipo akalowa m'madzi amafuna pomatirira. Otchuka mwa iwo ndi DDT, amene kale ankapoperedwa m'minda ya thonje. Ma PCB, amene ankakhala m'mafuta a mathiransifoma akale a magetsi. Ndi ma PAH, amene achokera ku oyilo wakutha wa galimoto, ku utsi ndi ku zinyalala zotenthedwa. DDT ndi ma PCB atha kukhala m'matope zaka makumi angapo osawonongeka. Nchifukwa chake maiko anapangana ku Stockholm mu 2001 kuti aleke kapena achepetse kugwiritsa ntchito mankhwala awiriwa ndi ena otero, ndipo Malawi ali m'pangano limeneli.

M'chaka chomwecho cha 2001 akatswiri a ku Tokyo, mmodzi wa iwo Hideshige Takada, anafalitsa zimene anapeza atapima timibulu ta pulasitiki totoledwa m'magombe a ku Japan. Ma PCB ndi chotsalira cha DDT chotchedwa DDE zinali zitaunjikana pa timibuluto mochuluka kuposa m'madzi a m'nyanja nthawi 100,000 kufikira 1,000,000. Ataviika timibulu tatsopano m'nyanjamo, anaona mankhwalawo ali kuchulukirachulukira pa masiku 6 a kuyesako. Ndiye kuti kachidutswa koyandama m'madzi oipa kafanana ndi chiguduli chokolopera, chimene chitola litsiro paliponse pamene chadutsa.

Kuchepa kwa nyenyeswa kuwonjezera mphamvu imeneyi. Mchere wosinja umasungunuka msanga koposa wa mibulu chifukwa mbali zake zokhudzana ndi madzi n'zambiri. Momwemonso chivindikiro chimodzi cha botolo chikanyenyeka kukhala tizidutswa zikwizikwi, malo omatirirapo mankhwala amachuluka. Ndiponso pulasitiki wokhalitsa m'madzi amachita ming'alu, ndipo pa iye pamamera ndere yoterera imene imagwira ngakhale zitsulo zosungunuka. Apa mpamene nkhani ino ikhudza mzinda wathu kwenikweni, pakuti mu 2007 Samson Sajidu wa ku Chancellor College ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapima madzi a m'mitsinje ya Blantyre, ndipo mwa zina munali mtovu ndi cadmium, m'malo ena mopitirira muyeso woyenera madzi akumwa. Pulasitiki wodutsa m'madzi otero sangatulukemo chimanjamanja.

KATUNDU WOCHOKERA NAYE KU FAKITALE

Kuwonjezera pa katundu wotola panjira, pulasitiki ali ndi wakewake. Opanga amathiramo mankhwala omufewetsa, omupatsa mtundu, ndi omuteteza ku moto ndi ku dzuwa. Ena mwa iwo, monga ma phthalate ndi bisphenol A, adziwika kuti amasokoneza mahomoni, ndiwo timadzi ta m'thupi timene tiyendetsa kakulidwe ndi kubereka. Mankhwala amenewa amatuluka pang'onopang'ono pamene pulasitiki ali kukalamba, kaya ali m'madzi kaya ali m'mimba mwa cholengedwa.

Chitsanzo chomveka ndi cha matayala. Kwa zaka zambiri anthu a ku Seattle ku America ankaona nsomba za mtundu wa coho salmon zili kufa m'timitsinje ta mumzinda mvula ikangogwa, zisanaikire mazira. Mu December 2020 akatswiri a yunivesite ya Washington analengeza kuti apeza chozipha: mankhwala otchedwa 6PPD, amene amathiridwa m'matayala kuti asachite ming'alu, akakomana ndi mpweya wa ozone amasanduka poizoni wakupha nsomba zimenezo m'maola owerengeka. Nsomba za mitundu ina zimapirira poizoni ameneyu koposa, komabe phunziro lake nlakuti fumbi la pamsewu litha kupha za m'madzi.

Kwathu kuno tili nacho chitsanzo chathu. Neti ya udzudzu ndi ulusi wa pulasitiki wokhala ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo mankhwalawo ndi oopsa kwa nsomba. Anthu amene amalumikiza maneti amenewa n'kumakokera nsomba ku nyanja zathu, chinthu chimene malamulo a usodzi aletsa, sangopha tiana ta nsomba tokha ayi. Amaviikanso m'madzi pulasitiki pamodzi ndi mankhwala ake.

M'MIMBA MWA NSOMBA

Kachidutswa kokutidwa ndi ndere kamaoneka ndi kununkhira ngati chakudya. Usipa umatola tizilombo ting'onoting'ono toyandama, chambo chimasefa zomera zosaoneka za m'madzi, ndipo mlamba umafufuza m'matope ndi kumeza chilichonse. Kadyedwe konse katatuka kamalowetsa nyenyeswa m'kamwa. Zikafika m'matumbo, madzi ogaya chakudya, amene ntchito yawo ina ndi kusungunula mafuta, amasukusula mankhwala aja kuwachotsa pa pulasitiki, ndipo amalowa m'magazi nafika ku chiwindi ndi m'mafuta a nsomba. Kachidutswa kenikeniko kawirikawiri kamatuluka pamodzi ndi zotsala za chakudya, koma mankhwala monga DDT ndi ma PCB akalowa m'mafuta sachoka msanga. Ncheni ikadya usipa wambiri imasonkhanitsa zonse zimene usipawo unasunga. Chotero mankhwala amachuluka pamene ali kukwera kuchokera ku kansomba kupita ku nsomba yaikulu, ku nkhwazi ndi kwa munthu.

Zimenezi zinayesedwa ndi Chelsea Rochman ndi anzake ku California, amene anafalitsa zotsatira zake mu 2013. Anaviika pulasitiki wa mtundu wa polyethylene, womwewo wopangira majumbo, m'madzi a pa doko la San Diego kwa miyezi 3, namusinja, namusakaniza ndi chakudya cha tinsomba totchedwa medaka. Gulu lina la tinsombato analipatsa pulasitiki watsopano, ndipo lina chakudya chokhachokha. Itatha miyezi 2, tinsomba timene tinadya pulasitiki wa m'nyanja tinapezeka ndi mankhwala ena ochuluka m'thupi kuposa tinzake, ndipo ziwindi zake zinali zitayamba kuwonongeka. Ngakhale timene tinadya pulasitiki watsopano tinaonetsa kuvutika kwa chiwindi, koma mocheperapo.

Wina anganene kuti izi n'za ku nyanja za mchere za kutali. Koma mu 2016 kunafalitsidwa zimene akatswiri anapeza atatumbula nsomba za ku Mwanza, pa gombe la nyanja ya Victoria ku Tanzania. Mwa nsomba zisanu zilizonse, za mtundu wa Nile perch ndi za mtundu wofanana ndi chambo, imodzi inali ndi pulasitiki m'matumbo. Nyanja ya Victoria ndi ya madzi opanda mchere monga yathu ya Malawi, ndipo anthu a m'mphepete mwake adalira nsomba monga ife.

NDIWO ZODYEDWA ZATHUNTHU

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linanena mu lipoti lake la 2017 kuti nyenyeswa zambiri zimakhala m'matumbo, kotero kuti nsomba yotumbulidwa imafika pa mbale zambiri zitachoka; njira yaikulu imene zimafikira kwa munthu ndi zamoyo za m'madzi zodyedwa zathunthu, monga nsomba zazing'ono. Mawu amenewa akhudza ife kopambana. Chambo ndi kampango timatumbula, koma mtengo wake ngwa anthu owerengeka. Ndiwo za banja la mphunzitsi ndi la kalaliki pakati pa mwezi ndi usipa, bonya ndi matemba, zimene timadya pamodzi ndi matumbo ake omwe; ndipo usipa ndiwo uchuluka koposa nsomba zina zonse zogwidwa m'dziko muno.

Zoona, nsomba zimenezi zichokera ku nyanja za Malawi, Malombe ndi Chilwa, kumene madzi a Mudi safikako. Koma majumbo opangidwa m'mizinda amafikako pa galimoto, ndipo mitsinje ina ili kuchita zomwezo zimene Mudi uchita: Linthipe utenga madzi a mumzinda wa Lilongwe kukawathira m'nyanja ya Malawi, ndipo Likangala udutsa mu Zomba kukathira mu Chilwa.

TISATAYE NDIWO

Pano tiyenera kunena mosamala, kuti wina asawerenge nkhani ino n'kuleka kugulira ana ake usipa. Mu 2016 Albert Koelmans wa ku Wageningen ku Netherlands ndi anzake anasanthula zofufuza zambiri, naona kuti m'nyanja zambiri mankhwala amene nsomba ilandira kudzera mu pulasitiki ndi ochepa poyerekeza ndi amene ilandira kuchokera m'madzi momwemo ndi m'chakudya chake cha masiku onse. Lipoti la FAO lija linapezanso kuti gawo la mankhwala otere limene munthu angalandire kudzera m'nyenyeswa ndi laling'ono kwambiri. Ndipo dziko limene pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 linapezeka ndi ana opinimbira 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 silingathe kutaya chakudya chomanga thupi ndi mafupa monga usipa.

Koma mawu a akatswiriwa satimasula ayi. Angotisonyeza kumene mlandu uli. Ngati mankhwala ambiri afika ku nsomba kudzera m'madzi, ndiye kuti oyilo wotayidwa m'ngalande, madzi oipa a m'mafakitale ndi mipope ya zonyansa yophulika zili pa mlandu umodzi ndi jumbo. Ndiponso popeza pulasitiki saola, amene alowa m'madzi chaka chino awonjezera pa wa chaka chatha, ndipo dziko lonse lapansi lipanga matani ake opitirira 400 miliyoni pa chaka. Chimene chili chochepa lero sichidzakhala chochepa kwa adzukulu athu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

LAMULO LILIPO

Boma linaona vuto la mapulasitiki kalekale. Mu 2015 linakhazikitsa malamulo oletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki osakwana mamaikuloni 60, ndiko kunena opyapyala ngati tsitsi limodzi la munthu kapena kuposa apo. Amenewa ndiwo amang'ambika tsiku lomwelo, osagwiranso ntchito kachiwiri, nanyenyeka msanga koposa onse. Makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso ku khoti, ndipo mlandu unayenda kufikira pa 31 July 2019, pamene Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula kuti lamulolo likhale. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anatsogolera nawo mabungwe omenyera lamuloli, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Pambuyo pake kunabweranso ziletso zina, kufikira kumayambiriro kwa 2025 pamene Bwalo Lalikulu ku Lilongwe linachotsa chiletso, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linalengeza kuti liyambanso kugwira ophwanya lamulo. Zaka khumi zinathera m'makhoti, ndipo m'zaka zonsezo mvula sinaleke kugwa.

Sitingadikirenso maiko akunja kuti atikonzere. Mu 2022 maiko anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano lothetsa kuwononga kwa pulasitiki, koma pa misonkhano ya ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025 nthumwi zinabalalika zisanamvane.

MBALI YATHU

Nyenyeswa ikalowa mu Shire palibe munthu angathe kuitolanso. Malo okha oigwirira ndi pamtunda, isanalowe m'madzi. Chifukwa chake tipempha a Khonsolo, a MEPA ndi eni mafakitale kuti lamulo la mapulasitiki ndi malamulo a madzi otayidwa m'mitsinje agwire ntchito limodzi, pakuti pulasitiki ndi mankhwala zikomana m'mtsinje umodzi. Tipemphanso Nthambi ya Usodzi, bungwe loona miyeso la MBS ndi mayunivesite athu kuti kupima nsomba za m'misika ya Limbe ndi Blantyre kukhale ntchito ya chaka ndi chaka, ndi kuti zotsatira zake zidzilengezedwa m'chilankhulo chimene wogula ndi wogulitsa amva.

Inu a m'maofesi, dengu ndi chikwama cha nsalu zimene amayi athu ankapita nazo kumsika sizinathe ntchito. Oyilo wakutha wa galimoto lanu funsani kumene amakatayidwa. Musakolezere mbaula ndi jumbo, pakuti utsi wake muupuma ndinu, ndipo phulusa lake lipita kumtsinje. Neti ya udzudzu ikhale pa bedi.

Inu aphunzitsi, phunziro ili silifuna zipangizo zodula. Kwirirani khoko la nthochi ndi jumbo kuseri kwa kalasi poyamba teremu, ndipo mukafukule pamodzi ndi ana potsekera. Tapani mchenga wa m'mphepete mwa kamtsinje ka pafupi ndi sukulu, muuthire m'ndowa ya madzi, ana aone ndi maso awo tizidutswa tamitundumitundu timene tidzayandama. Mwana amene waona zimenezi sadzanenanso kuti mvula yasesa mzinda. Adzafunsa kumene yatula zinyalalazo, ndi amene adzazidye. Pakuti choipa chitsata mwini.